Panado kapena Brufen: samalani impso posankha

Kuno ku Mangochi dzuwa la Okutobala likamaswa mtengo, asodzi ndi alimi ambiri amagula mankhwala opha ululu osaganizirako za impso. Zimenezi zimandidetsa nkhawa.

Panado amachepetsa ululu ndi kutentha kwa thupi. Brufen amateronso, komanso amaphwetsa zotupa.

Mtengo: onse ndi wotsika.
M'mimba: Panado savuta, Brufen amautsa zilonda.
Chiwindi: Panado amachiwononga wamkulu akapyola mapiritsi 8 a 500mg patsiku.

Nkhani yaikulu ili pa impso. Munthu akatsegula m'mimba, akamasanza kapena akadwala malungo, madzi amachepa m'thupi, ndiye impso zimatanula mitsempha yake kuti magazi azifikabe. Brufen amalepheretsa zimenezi. Timachubu tokonza mkodzo timasowa mpweya, maselo ake amafa, kusupuka n'kutseka njira. Mkodzo umachepa, zoipa n'kumaunjikana m'magazi. Maselowa amatha kumeranso, koma zimatenga masabata.

Brufen ndi wa munthu wathanzi amene wabinya mwendo, akudya ndi kumwa bwino. Okalamba, amayi oyembekezera, odwala shuga kapena BP ndi aliyense wotsegula m'mimba asankhe Panado, wotsegula m'mimbayo amwe Thanzi ORS, ndipo mkodzo ukachepa athamangire kuchipatala tsiku lomwelo.