Timphete ta ferrite tochepetsa phokoso lamagetsi pa zida zoyezera

Ndinagula timphete ta ferrite (chinthu cholimba chokhala ndi chitsulo, chomwe chimakokedwa ndi maginito) totsekera pa nthambo chifukwa mzere wa pa oscilloscope (chida choonetsa mafunde a magetsi pa sikirini) unkanjenjemera ndikangoyatsa chaja ya laputopu pafupi. Nditapisa nthambo kawiri m'kamphete kamodzi, kunjenjemerako kunachepa kwambiri, pakuti ferrite imameza phokoso lamagetsi (mafunde osafunika osokoneza muyeso) lothamanga kwambiri, la ma megahertz (mafunde mamiliyoni pa sekondi), n'kulisandutsa kutentha pang'ono.

Komabe wogula asayembekezere zozizwitsa. Phokoso lochokera ku magetsi a m'khoma, lomwe limakhala la 50 Hz kapena 60 Hz (mafunde 50 kapena 60 pa sekondi) malinga ndi dziko, silinasinthe n'komwe, ndipo linatha pokhapokha nditalumikiza zida zonse ku waya mmodzi wa earth. Chondidandaulitsa n'chakuti pulasitiki yotsekera ndi yosalimba, moti kamphete kena kanathyoka nditangokatsegula kachitatu.