Kuwunika Ndondomeko ya LTS ya FreeRTOS

FreeRTOS, pulogalamu yaing'ono ya mtundu wa operating system yomwe Richard Barry anayamba kulemba mu 2003 ndipo yakhala m'manja mwa Amazon kuyambira mu 2017, imayendetsa tizipangizo tomwe timayenera kugwira ntchito iliyonse pa nthawi yake yeniyeni. Ndondomeko yake ya LTS (Long Term Support, kutanthauza chithandizo cha nthawi yaitali), yomwe inayamba mu Disembala 2020, imalonjeza kuti kwa zaka ziwiri kernel (phata la pulogalamuyi) ndi malaibulale ena (zigawo za pulogalamu zolembedwa kale) azilandira zokonza zachitetezo ndi za zolakwika zikuluzikulu, popanda kusintha mmene pulogalamuyo imagwirira ntchito.

Kufunika kwa lonjezoli kumaoneka tikakumbukira mavuto omwe akatswiri a Microsoft anaulula mu Epulo 2021, n'kuwatcha BadAlloc. Pulogalamu ikapempha malo aakulu kwambiri mu memory, chiwerengero chinkasefukira n'kubwerera pa nambala yaing'ono, moti malo operekedwa ankachepa ndipo wachiwembu akanatha kulemba kupyola malire ake. Mu FreeRTOS vutoli linakonzedwa mu mtundu wake wa 10.4.3, ndipo kukonza kotere kukabwera kokha, kosasakanikirana ndi zinthu zatsopano, kumawunikika mzere ndi mzere, zomwe zimapepukitsa ntchito ya wopanga amene chipangizo chake chinayesedwa kale.

Chomwe sindikhutira nacho ndi nthawi. Zaka ziwiri n'zochepa kwa mita ya magetsi kapena chipangizo chachipatala chomwe chimagwira ntchito zaka zambiri, ndipo wofuna chithandizo chopitirira ayenera kulipira Extended Maintenance Plan, yomwe imatha kufika zaka 10. Komanso zokonzazo sizifika zokha pa chipangizo: wopanga ayenera kuziphatikiza, kuyesanso ngati ntchito zonse zikuthabe m'nthawi yake, kenako n'kuzitumiza. Ndikuilimbikitsa ndondomekoyi kwa opanga omwe anakonzeratu njira yotumizira firmware (pulogalamu ya m'kati mwa chipangizo) yatsopano kudzera pa intaneti.