Kiti ya lash lift ya timapaketi: mankhwala ali bwino, guluu ndiye ayi

Anzanga a m'masaluni mwakhala mukundifunsa ngati kiti ya lash lift (kupinda nsidze za m'zikope ndi mankhwala kuti zidzuke) ya timapaketi, ija akutibweretsera amayi ogula katundu ku Joni, ikugwirizana ndi mtengo wake. Ndayigwiritsa ntchito kuyambira nyengo yozizira mpaka dzuwa la Okutobala lino m'kasaluni kanga ku Zingwangwa. Gulani ndithu. Koma guluu wake musamudalire, ndipo pepala la malangizo muziliwerenga mukudziwa kuti amene analilemba ankaganiza za nsidze zowongoka, osati zathu zopotanazi.

M'bokosimo muli timapaketi ta mankhwala atatu, masilikoni omata pachikope a masayizi S, M ndi L, guluu, kachipeso kopesera nsidze za m'zikope, ndi timapadi tomata kunsi kwa diso. Mankhwala oyamba ndi ammonium thioglycolate. Mukangong'amba kapaketi, fungo lake likukumbutsani pemu ya kale ija ya tsitsi lonyowa, ndipo n'zoona, ndi banja limodzi. Amamasula timfundo ta sulfa tomwe timalimbitsa keratini (chinthu chimene tsitsi ndi nsidze zimapangidwa nacho), nsidze n'kufewa, n'kugonera pa silikoni. Achiwiri amamanganso timfundoto nsidze ili pamalo ake atsopano. Achitatu ndi ofewetsa basi.

Chimene chandikopa ndi timapaketito. Mankhwala a m'timabotolo totchipa tija, ukangotsegula mpweya umalowa, mphamvu n'kumachepa pang'onopang'ono. Pakapita milungu ingapo umapaka bwinobwino, kuwerenga mphindi zonse, kuchotsa silikoni, nsidze zili chigonere. Kasitomala sanganene kuti vuto ndi botolo, anena kuti asisi aja ntchito sayitha. Kapaketi umang'amba munthu atagona kale pabedi, mankhwala ali amphamvu zawo zonse. Amakhalamo ambiri kuposa ofunika pa munthu mmodzi, ndiye mtima wa bizinesi umati pinda usunge za mawa. Ine ndikaona kuti makasitomala awiri atsatana ndimagawa, koma kugonetsa ayi.

Tsono nkhani ya nsidze zathu. Pepala likunena kuti nsidze zazifupi muike silikoni ya S. Izi zimagwira kwa munthu amene nsidze zake ndi zowongoka, zoloza pansi. Ambiri mwa amayi amene amabwera kwa ine nsidze zawo n'zopindika kale, zina zimachita kubwerera mpaka kukhudza chikope, zina zapingasana. Zimaoneka zazifupi, koma ukazikoka ndi kachipeso umadabwa kutalika kwake. Munthu wotere ukamuika S, ukuwonjezera kupindika pa kupindika, ndipo adzadzuka nsidze zikumubaya pachikope. Ndimatenga M kapena L, chifukwa kwa iyeyu ntchito yeniyeni ndi kuziwongola, kuzitambasula kuti utali wake uoneke. Nthawi yambiri imathera pamenepa, pa kupesa. Nsidze iliyonse iyenera kugona payokha, mowongoka, osakwerana ndi inzake, chifukwa mmene yagonera mankhwala achiwiri akamalowa ndi mmene ikhalire kwa milungu 6 mpaka 8, kufikira itathothoka n'kumera ina. Ukathamangira kuti pabenchi pali anthu, kasitomala ayenda ndi nsidze zopingasana miyezi iwiri, akutchula dzina la saluni yako kulikonse.

Mankhwala oyamba ndimapaka kuyambira pafupi ndi muzu, osakhudza khungu, kulekezera pakati. Nsonga sindizikhudza, n'zopyapyala ndipo zimapsa msanga n'kupiringizika. Pa mphindi, pepala lapereka nthawi za nsidze zopyapyala, zapakati ndi zokhuthala. Nyengo yotentha ino mankhwala amagwira msanga, ndiye ndimayambira pa nthawi yochepayo, n'kuyesa nsidze imodzi ndi kachipeso. Ikagona yokha osadzuka, basi zakwana. Ndipo musapusitsike ndi kuda kwa nsidze, kuda sikukhuthala.

Guluu ndiye wandikwiyitsa. Mu Juni ankagwira bwino. Panopa, magetsi akazima fani n'kuima, kasitomala akayamba thukuta, silikoni imayamba kutsetsereka pakona ya diso ntchito ili mkati. Komanso amauma msanga pa kachipeso, umapezeka wapaka kawiri katatu, ndipo guluu akachuluka pa nsidze amatchinga mankhwala kuti asalowe. Ndinagula guluu wina wa phala payekha, ndipo ndimayamba ndapukuta chikope ndi chotsukira chopanda mafuta mpaka chiume gwa. Pa mtengo umene kitiyi ikugulitsidwa, sindimayenera kuwonjezeranso ndalama.

Utoto wodetsa nsidze mulibe m'bokosimo. Ine ndimagwiritsa ntchito RefectoCil wa ku Austria, koma kunena zoona kwa ambiri a ife nsidze n'zakuda kale, ndiye sindiukakamiza. Amene waufuna ndimayamba ndamupaka pang'ono kuseri kwa khutu, pamodzi ndi guluu ndi mankhwala aja, n'kudikira maola 48. Utoto wambiri wa mtunduwu uli ndi mankhwala otchedwa PPD, omwe ena amawatupitsa koopsa. Akwati ndi amene amavuta: amabwera Lachisanu madzulo, ukwati uli mawa. Ndimawauza kuti achemwali, mukanabwera Lolemba, lero ndikuikani nsidze zomata basi. Amanyinyirika, koma bola kunyinyirika kusiyana n'kukalowa m'tchalitchi maso atatupa.

Wa sokera kapena wa maso ofiira ndimamubweza. Chichitikireni mliri wa maso ofiira uja unayambira ku Karonga mu 2024, masilikoni ndi zipeso ndimaziviika m'mankhwala opha tizilombo munthu aliyense akatha, ndipo timapadi sindibwereza. Mankhwala akalowa m'diso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15, ndipo likapitiriza kuwawa musadikire, kuno ku Blantyre chipatala cha maso cha Lions chili pa Queens pomwepa.

Pepala limati kasitomala asanyowetse nsidze ndipo apewe nthunzi kwa maola 24. Olembawo ankaganiza za sauna, chipinda chotentha cha nthunzi. Kuno nthunzi yathu ndi ya mphika wa nsima ndi beseni la madzi osamba, ndiye ndimanena mosabisa: amayi, lero avundule ndi ana, inu mukhale patali, ndipo musagone chafufumimba. Amaseka, koma amene amamvera akabweranso patatha mwezi nsidze zimakhala zikadali chilili.

Ndikaitanitsanso bokosi lina ulendo ukubwerawu, ndipo ndawauza kale amayi ogula katundu ku Joni aja kuti andigulirenso masilikoni a L apadera, chifukwa a S angodzaza m'dilowa osagwira ntchito.