Akasinja a Germany: buku limodzi lalikulu kapena timabuku ta Panzer Tracts?

Ngati thumba likulola buku limodzi lokha, ine ndinganene kuti muyambe ndi Encyclopedia of German Tanks of World War Two, la Peter Chamberlain ndi Hilary Doyle. Linatuluka mu 1978, n'kukonzedwanso mu 1993, ndipo muonetsetse kuti mwapeza lokonzedwalo. Muli akasinja, magalimoto a nkhondo ndi mizinga yodziyendera yokha, kuyambira 1933 mpaka 1945, chilichonse ndi chithunzi chake, kulemera kwake, injini ndi mfuti yake. Mukaona chithunzi chakale n'kumadabwa kuti chimenechi n'chiyani, mayankho ali mmenemo. Koma limangolawitsa. Kasinja aliyense amapatsidwa malo ochepa, kenako mwafika kale pa wina.

Panzer Tracts ndi nkhani ina. Ndi timabuku topyapyala timene Thomas Jentz ankalemba, Doyle yemwe uja n'kumajambula. Jentz, amene anamwalira mu 2012, sankafuna zongomva. Ankakumba m'mapepala a asilikali ndi a mafakitale a nthawi ya Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, pamene Doyle ankapita kukayeza akasinja otsala m'nyumba zosungiramo zakale, n'kuwajambula pa sikelo ya 1:35, yomwenso zidole zambiri za akasinja zimene anthu amagula zidutswazidutswa n'kumata okha zimatsata.

Tengani kasinja wotchedwa Panther. Munthu angaganize kuti Ausf. A (kutanthauza mtundu A) ndiye woyamba, pakuti A ndi chilembo choyamba. Ayi ndithu. Anayamba ndi Ausf. D kumayambiriro kwa 1943, A n'kubwera pambuyo chaka chomwecho, G mu 1944. Buku lalikulu lija likuuzani zimenezi, inde, koma Panzer Tracts inapatsa mtundu uliwonse kabuku kakekake, 5-1, 5-2 ndi 5-3, ndipo imalondola zimene zinkasintha kufakitale mwezi ndi mwezi. Kwa womata zidole apa ndi pofunika. Zimmerit, phala lamizeremizere lija ankapaka kuti mabomba a maginito asakakamire, analeka kupaka mu September 1944. Mukalipaka pa kasinja wotuluka mu December, odziwa angokuyang'anani n'kumwetulira.

Vuto lake ndi mtengo ndi kuuma. Nthawi zambiri kabuku kamodzi ndi ka kasinja mmodzi, ndiye mukati musonkhanitse tonse, ndalama yake mungagulire mbuzi zingapo. Mawu akenso ndi ouma gwa, manambala okhaokha. Si buku lowerenga mutagona.

Pakatikati pali Walter Spielberger, amene mabuku ake anatuluka m'Chijeremani ku Stuttgart, kampani ya mabuku ya Schiffer n'kuwamasulira m'Chingerezi. Amazama pa injini ndi magiya, koma ndi akale, ndipo pamene akusiyana ndi Jentz ine ndimatsata Jentz. Timabuku ta Osprey New Vanguard, ta masamba 48, n'tabwino chifukwa cha zithunzi zamitundu, basi.

Limodzi lomwe ndimalikonda mwapadera ndi la kampani ya Haynes lonena za Tiger 131, kasinja amene Angerezi anagwira ku Tunisia mu April 1943, yemwe mpaka lero amayendabe kumalo osungirako akasinja akale ku Bovington, ku England. Mwa ma Tiger I pafupifupi 1,350 amene kampani ya Henschel inapanga ku Kassel, ndi yekhayo amene injini yake ikulirabe, ndipo bukulo likukuonetsani pamene woyendetsa ankakhala ndi zimene ankagwira.