Packet imamveka pati? Kuyerekeza njira zopezera frequency kuno ku Chipata

Mnzanga wina wa ku Katete anandiimbira foni mwezi watha ali wokhumudwa. Anagula kawailesi ka Baofeng UV-5R, naika pa laputopu Dire Wolf, pulogalamu yowerenga packet (timauthenga ta kompyuta toyenda pa wailesi), zingwe zonse analumikiza bwino, koma sabata yathunthu inatha osamva kalikonse. Nditawafunsa pomwe anatchera, anati pa 144.390 MHz, chifukwa ndiyo nambala imene inali pamwamba atafufuza pa Google. Nambalayo si yabodza ayi. Ndi ya APRS ndithu, njira ya packet youlutsira malo amene siteshoni ili ndi timauthenga tachidule, koma ya ku America ndi Canada.

Packet imavuta kuipeza kuposa mawu a munthu. Anthu akamacheza pa wailesi amatha mphindi zingapo, ndipo ukamapotokola umawapeza. Packet ndi kauthenga ka kompyuta kokulungidwa mu dongosolo lotchedwa AX.25, ndipo pa bandi ya 2 mita kamayenda pa liwiro la 1200 baud ndi malilidwe awiri, 1200 Hz ndi 2200 Hz. Kamalira ngati nkhululu kwa sekondi imodzi, basi kwatha. Ukakhala pa malo olakwika, kapena ukafika mochedwa pang'ono, umaganiza kuti kulibe munthu.

Mindandanda ya pa intaneti ndiyo njira imene aliyense amayambira, ndipo ndi imene ndimaikhulupirira pang'ono kuposa zonse. Ndi yaulere, imabwera msanga, koma yambiri inalembedwa ndi anthu a ku America polembera anzawo a komweko, ndiye sanaone chifukwa chotchula dziko. Mudzapezamo 144.390, kenako 145.010, 145.030, 145.050 ndi zina zotsatira. Bungwe la ITU, loyang'anira mafunde a wailesi padziko lonse lapansi, linagawa dziko lapansi m'zigawo zitatu, ndipo Africa ili mu Region 1 pamodzi ndi Ulaya. Kwa ife 2 mita imayambira pa 144 n'kuthera pa 146 MHz, pomwe ku America imafika 148. Kagawidwe ka mkati nakonso n'kosiyana. Kuno 144.390 ili m'dera la SSB, njira yotumizira mawu yosiyana ndi FM, pafupi ndi pomwe ma beacon, masiteshoni ongoulutsa chizindikiro chawo, amayambira pa 144.400, ndipo 145.010 imagwera pomwe ma repeater, masiteshoni obwereza mawu kuti afike kutali, amalandirira mawu. Kungomvetsera pamenepo n'kutaya nthawi chabe, koma kutumizapo n'kusokoneza anzanu. Mndandanda umene sunatchule dziko ndimausiya. Ngakhale APRS yokhayo ili ndi nyumba zambiri: ku Australia ili pa 145.175, ku New Zealand pa 144.575.

Band plan ya IARU Region 1, kagawidwe ka ma frequency kolembedwa ndi bungwe la eni wailesi ngati ife, ndi yosiyana kotheratu. Ndi chikalata chouma, chodzaza manambala, koma n'chathu. Chimanena kuti APRS ili pa 144.800, ndipo anzathu a ku South Africa ndi a ku Ulaya alidi pomwepo. Kuchokera pamenepo kukwera mpaka chapafupi ndi 144.960 ndi malo a mauthenga a kompyuta, 145.500 ndi poitanirana ndi mawu pa FM, ndipo 145.800 mpaka 146.000 n'kwa masetilaiti okha. Pali chinthu chimodzi chimene ambiri amasakaniza. Band plan ndi mgwirizano wa ife eni wailesi, si lamulo la boma. Lamulo lili mu laisensi yochokera ku ZICTA, ndipo ziwirizi zikasiyana, laisensi ndiyo imapambana. Ife a kum'mawa tizikumbukiranso kuti malire a Mwami ali pafupi. Mafunde a wailesi amawoloka popanda pasipoti, koma laisensi ya ku Zambia, ya mayina a masiteshoni oyamba ndi 9J, siwoloka nawo. Kutsidyako, ku Malawi, ndi kwa MACRA ndi mayina oyamba ndi 7Q, ndipo ku Mozambique ndi C9.

Kufooka kwa band plan n'kwakuti imakuuzani pomwe muyenera kukhala, osati ngati pali munthu. Zili ngati wina wakulozerani mzere wa matimati mu msika wa Kapata, koma ngati ogulitsawo abwera lero, mukaona nokha.

Apa m'pomwe anthu amathamangira ku mapu a pa intaneti, ndipo awiri odziwika ndi aprs.fi ndi wa Winlink, njira yotumizira imelo pa wailesi. Amaoneka ofanana koma amayankha mafunso osiyana. Tsamba la aprs.fi, limene analikonza Heikki Hannikainen wa ku Finland, limaonetsa masiteshoni amene uthenga wawo wafika pa intaneti. Kuti uthenga wa pa wailesi ufike kumeneko pamafunika igate, siteshoni imene imamva mumlengalenga n'kuponya pa intaneti. Ngati m'dera mulibe igate, munthu angatumize tsiku lonse, mapu adzakhalabe oyera. Mbali inayo, kadontho kakhoza kuoneka pa Great East Road koma kali ka munthu amene watsegula APRSdroid pa foni, uthenga wake sunadutse pa wailesi n'komwe. Choncho mapu oyera satanthauza kuti kulibe munthu, ndipo kadontho sikatanthauza kuti pali choti mumve. Komanso nthawi zambiri frequency imene uthengawo unadzera simuiona, pokhapokha mwiniwake atailemba yekha.

Winlink pa mbali imeneyi imaposa. Mapu ake amakupatsani frequency yeniyeni ya gateway iliyonse, siteshoni yolumikiza wailesi ndi intaneti, ndi mtundu wa modemu yake, ndipo mu pulogalamu ya Winlink Express mukalemba grid yanu, chizindikiro cha malo anu pa mapu, ya Chipata ndi KH66, imakuuzani kutalika kwa iliyonse. Koma packet ya pa VHF, m'mene muli bandi ya 2 mita, imayenda pafupifupi pomwe maso angafike. Lusaka ili pa mtunda wa makilomita oposa 550, pakati pali mapiri a ku Luangwa, ndiye gateway ya VHF ya kutali chotero ilibe phindu kwa munthu wa ku Chipata. Zimene mungafikire ndi za pa HF, mafunde a shortwave amene amafika kutali, ndipo zambiri za izo ndi za modemu za VARA kapena Pactor, osati AX.25. Mapu onse awiriwa amadyanso bundle.

Njira imene ndimaikonda ndi kumvetsera ndekha, koma kumvetsera kuli pawiri. Kawailesi ka m'manja kamamva malo amodzi pa nthawi imodzi. Bandi ya 2 MHz mukaigawa m'masitepe a 12.5 kHz imatuluka malo 160, ndipo scan ya Baofeng imayenda mwaulesi, mwakuti ikamazungulira kubwerera pomwe inayambira, paketi ija inalira kalekale. Ngati mukudziwa kale pomwe mukufuna kumvetsera, kawailesiko kamagwira ntchito, bola muzimitse battery save ndi kutsegula squelch, imene imatseka sipika pakakhala palibe wolankhula, apo ayi kamadula mutu wa paketi ndipo Dire Wolf imalephera kuwerenga.

RTL-SDR, kachipangizo komvetsera wailesi kolowetsa pa USB, kooneka ngati fulashi, kamaona pafupifupi 2.4 MHz nthawi imodzi. Mukatchera pakati pa 145.000, bandi yonse ya 2 mita ili pamaso panu. Paketi iliyonse imasiya kamzere kowala pa sikirini, ndipo mumawerenga frequency yake pomwepo. Palibe mndandanda kapena mapu amene angakuuzeni zoona kuposa zimenezi, chifukwa ndi zimene zikufika pa denga lanu lero. Gqrx, pulogalamu yoyendetsera kachipangizoka, ili kale ndi chowerengera mapaketi a 1200 baud, chotchedwa AFSK1200, mkati mwake, kapena mungatumize mawuwo ku Dire Wolf. Zovuta zake zilipo. Kachipangizoka kamagontha msanga pafupi ndi milongoti ya mawailesi a FM, ndipo kuno milongotiyo ili pa mapiri otiyang'ana, choncho mizere ina imene mudzaone ndi zithunzithunzi chabe. Chepetsani gain, mphamvu yokuzira mafunde, kapena gulani fyuluta yotsekera FM. Ma dongle otchipa kwambiri amasocheranso ndi ma kHz angapo akatentha, ndiye sankhani yokhala ndi TCXO, kachida koteteza frequency kusuntha ndi kutentha. Kaeriyo kamene kamabwera m'bokosi sikathandiza kwenikweni. Waya wowongoka wa masentimita 50 wokhala ndi miyendo inayi pansi pake, mutaukweza panja, umaposa kutali.

Nanga mukamvetsera masiku atatu osaona kanthu, mudziwa bwanji ngati zida zanu zafa kapena mumlengalenga muli zii? Ine zinandichitikira, ndipo chimene chinandimasula ndi ISS, International Space Station. Siteshoni ya m'mlengalengayi imauluka pamtunda wa makilomita pafupifupi 400, imazungulira dziko m'mphindi 90 ndi zochepa, ndipo ili ndi digipeater, chida chobwereza mapaketi amene chamva, pa 145.825. Nambala imeneyi ndi imodzi padziko lonse lapansi, ku America, ku Ulaya, ku Chipata. Ikamadutsa imaoneka kwa mphindi pafupifupi khumi, ndipo dera limene imaliona pansi n'lalikulu mokwana Chipata ndi Johannesburg nthawi imodzi, mwakuti mungawerenge mapaketi a masiteshoni a ZS, a ku South Africa, muli pakhonde panu. Gpredict pa kompyuta kapena Look4Sat pa foni zimakuuzani nthawi. Yambani mwaona pa tsamba la ARISS, gulu loyang'anira wailesi ya pa ISS, ngati wailesiyo yayatsidwa, chifukwa amaizimitsa akatswiri akamatuluka kunja kapena chombo chikamafika. Tauni yathu ili m'chigwa, mapiri atizungulira, ndiye sankhani ulendo umene ISS ikwera madigiri oposa 30, kapena mukwere nokha ku Kanjala. Frequency imasuntha ndi ma kHz atatu kapena anayi chifukwa cha liwiro lake, koma FM imapirira zimenezo.

Za HF ndingonena mwachidule. Kumeneko packet imayenda pa 300 baud, ndipo manambala odziwika ndi 14.105 LSB ndi 10.1476 USB ya APRS (LSB ndi USB apa ndi mitundu iwiri ya SSB). Nambala ya pa wailesi imadalira malilidwe a modemu yanu, n'chifukwa chake malo amodzimodziwo mudzawapeza atalembedwa mosiyana. KiwiSDR, wailesi yomvetsera kudzera pa intaneti, imakulolani kumvetsera musanagule chilichonse.

Kufunsa anthu sindikuika pamzere umodzi ndi zinazi, chifukwa kumathandiza pa chinthu china. A Radio Society of Zambia, amene amaimira dziko lathu ku IARU, ndiwo oyenera kuwafikira pa za laisensi ndi za amene ali ndi zida kufupi nanu. Ndipo m'dera lopanda phokoso ngati lathu, frequency siichita kupezedwa yokha. Anthu awiri okhala ndi laisensi amapangana tsiku ndi ola, n'kusankha malo m'dera la mauthenga a kompyuta, monga 144.850, kusiya 144.800 ya APRS.

Mnzanga wa ku Katete uja ndinawauza kuti asiye mindandanda, atsegule band plan, atchere pa 145.825 madzulo amene ISS imadutsa pamwamba. Anatuluka panja ndi laputopu, ndipo mizere isanu ndi umodzi inatsika pa sikirini, iwiri ili ya ZS. Pakali pano akungomvetsera podikira laisensi yawo. Ikatuluka, ine ndikwera ku Kanjala ndi batire ndi eriyo ya Yagi, iwo akapeze chitunda chakwawoko, tione ngati 144.850 ingadumphe makilomita 90 amene ali pakati pathu.