Gitala Yanga Patatha Chaka: Kufunafuna Kamvekedwe ka Blues Yakale

Mnzanga wina amene timaimba naye anandifunsa ngati kuli kwanzeru kugula gitala yofanana ndi yanga, ndipo funso lakelo landichititsa kulemba zomwe ndaona chiigulireni chaka chatha. Ndi gitala yamagetsi yotsika mtengo, yopangidwa ndi kampani ina motsanzira Stratocaster, gitala yomwe kampani ya Fender inayamba kupanga mu 1954. Ndinaigula pofuna kamvekedwe ka blues ya ku Chicago ya m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, makamaka ka oimba a dera la West Side monga Otis Rush, Magic Sam ndi Buddy Guy, omwe magitala awo ankamveka mokuthwa koma ankalira nthawi yaitali akakankhira nsambo m'mwamba.

Zambiri pa gitalayi zilibe vuto. Makiyi omangira nsambo amagwira bwino, penti sinasupuke, ndipo swichi yosankhira ma pickup, tizipangizo ta maginito totola mawu a nsambo, sinandivutitsepo.

Vuto lomwe linandisowetsa mtendere kwa miyezi yambiri linali pa nsambo ziwiri zikuluzikulu, E ndi A. Ndikaimba kupitirira fret ya 12 (mafret ndi tizitsulo topingasa pa khosi la gitala), mawu ake ankanjenjemera ngati manotsi awiri akulimbana, ankazima msanga, ndipo kamakina kochunira gitala sikankakhazikika pa notsi imodzi ngakhale nsambo zitakhala zatsopano. Nditabwerera kusitolo, wogulitsa anamvetsera pang'ono n'kunena kuti ma pickup a gitala yotchipa amatero, choncho ndigule ena ochokera kunja omwe anali nawo, pamtengo wofika pafupifupi theka la mtengo wa gitala yonse. Ulendo wina anati vuto ndi ampulifaya yanga. Maulendo onsewa sanatengeko chida chilichonse kuti ayeze gitalayo.

Mvula itayamba, chinyezi chinawongola khosi la gitala mopitirira, nsambo zinayamba kukhudza mafret, ndipo ndinapita nayo kwa mmisiri wina amene amakonza zida za mabandi a m'matchalitchi. Asanakhudze khosilo, iye anadina nsambo pa fret yomaliza n'kuyeza mpata wa pakati pa nsamboyo ndi maginito a pickup ya kukhosi. Mpatawo sunkafika ngakhale milimita imodzi ndi theka. Anandifotokozera kuti ma pickup amtunduwu ali ndi timitengo ta maginito a alnico pansi pa nsambo iliyonse, ndipo akayandikira kwambiri amakoka nsamboyo n'kuisokoneza kagwedezekedwe kake. Zimenezi zimamveka kwambiri pa nsambo zokhuthala, chifukwa zili ndi chitsulo chambiri, komanso pa pickup ya kukhosi, pomwe nsambo imagwedezeka motambasuka. Munthu akadina kumtunda kwa khosi, nsamboyo imayandikiranso maginito. Anatsitsa ma pickup ndi sikuludiraiva mpaka mpata unafika mamilimita 2.4 mbali ya nsambo zazikulu ndi mamilimita 2 mbali ya zazing'ono, womwe ndi muyeso umene a Fender amapereka pa ma pickup a mtundu wakale.

Kunjenjemera kuja kunatheratu pomwepo, koma chomwe chinandidabwitsa kwambiri chinali kamvekedwe konse ka gitala. Mphamvu ya mawu inatsika pang'ono, zomwe zinandichititsa kukweza ampulifaya, ndipo apo m'pamene ndinamva koyamba chinthu chomwe ndinkachifuna: ndikakhudza nsambo mofatsa mawu amatuluka oyera, ndikaimenya mwamphamvu amasasa pang'ono, monga momwe zimamvekera pa nyimbo zakale za ku Chicago. Ma pickup ake anali omwe aja amene ndinauzidwa kuti ndi achabechabe.

Kenako mmisiriyo anamasula pang'ono truss rod, chitsulo chomwe chili m'kati mwa khosi, kuti khosilo lipindike pang'ono monga liyenera kukhalira, n'kukweza nsambo pa bridge, chitsulo chomwe nsambo zimatsamirapo pa thupi la gitala. Apa pali mfundo yomwe ambiri ofuna blues yakale saiganizira. Pamwamba pa khosi la gitala yanga m'pobulungira kwambiri, pa muyeso wa mainchesi 7.25 ngati magitala a Fender a nthawi imeneyo, ndipo pa khosi lotere nsambo zikatsikitsitsa, notsi imafa pakati pa ulendo ukamakankhira nsambo yaing'ono m'mwamba, chifukwa imakagunda fret yakutsogolo. Kusitolo anazitsitsa kwambiri, mwina kuti gitala izimveka yofewa m'manja mwa woiyesa, koma blues imadalira kukankha nsambo kumeneku. Tsopano zala zimagwira ntchito yochulukirapo, koma notsi imafika pomwe ndikuifuna n'kukhala pomwepo.

Pa nkhani ya nsambo, anthu amakonda kutchula Stevie Ray Vaughan, woimba blues wa ku America, yemwe ankagwiritsa ntchito zokhuthala zoyambira pa .013 ya inchi atatsitsa pang'ono machunidwe a nsambo zonse, ngati umboni wakuti kamvekedwe kabwino kamafuna nsambo zolemera. Ine sindikugwirizana nazo kwenikweni. Oimba ambiri a m'zaka za m'ma 1950 ankaika nsambo ya banjo pamalo pa nsambo yoyamba pofuna zofewa zokankhika, kampani ya Ernie Ball isanayambe kugulitsa nsambo zopepuka za Slinky mu 1962. Ine ndakhazikika pa .011 za nickel yeniyeni, zomwe zimachepetsa kuthwa kwa mawu, ngakhale kuti sizipezeka kawirikawiri kuno ndipo ndimachita kutuma anthu ochokera ku Johannesburg. Kusintha komwe zimabweretsa n'kochepa poyerekeza ndi kwa kutsitsa ma pickup. Nsambo ya G imamvekabe mokweza kuposa zinzake, chifukwa maginito ake anatalikitsidwa motsatira kapangidwe kakale, pomwe G inkakhala yokulungidwa ndi waya, ndipo zimenezi ndimangozilamulira ndi dzanja.

Masiku ena gitalayi imandikwiyitsabe, makamaka m'nyumba zomwe mawaya a magetsi sanalumikizidwe bwino, chifukwa ma pickup a koyilo imodzi amatola phokoso la magetsi mosavuta. Koma ikakhala pamalo abwino, sindiona chifukwa chosirira ina yodula.

Ndalama zonse zomwe ndinalipira mmisiri sizinapose mtengo wa mapaketi atatu a nsambo. Ndinatenga lisiti lake kupita nalo kusitolo, n'kupempha kuti andibwezereko gawo lina, popeza gitala inatuluka m'manja mwawo isanakonzedwe bwino ndipo ndinawadandaulira nthawi ya chitsimikizo isanathe. Wogulitsayo anakana, ponena kuti chitsimikizo chimakhudza zinthu zothyoka zokha, ndipo anandikumbutsanso kuti ma pickup aja akadalipo ngati ndikuwafuna. Gitalayo ndi yoyenera ndalama zomwe ndinapereka, ndipo ndikhoza kuigulanso, koma nsambo, zingwe za ampulifaya ndi zina zonse ndimagula kusitolo ina tsopano.