Nyenyezi zinayi mwa zisanu, zonse chifukwa cha mnyamata wotitsogolera

Tinafika ku Livingstone usiku, titayenda tsiku lonse kuchokera ku Lusaka kudzera ku Mazabuka ndi Choma. Ulendo wa m'mawa woyenda kunsi kwa mlatho wa Victoria Falls tinali titalipiriratu, ndipo mtengo wake mukuudziwa, si wamasewera. Ndiye amayi a pa ofesi ya kampani yoyendetsa ulendowu n'kumati dzina lathu mulibe m'buku, lisiti ili m'manja mwangamu! Maso awo anali pa foni basi. Tinadikira panja ola ndi theka, anyani akuzungulira galimoto, bambo anga a zaka 71 ali chiimire poti panalibe mpando. Sanapepese, ndipo zimenezi zikundiwawabe.

Ndinatsika masitepe mtima uli pamwamba, ndikukonzekera kudzalemba zoipa zokhazokha.

Mnyamata amene anatitenga anatimanga malamba, n'kukoleka aliyense ku chingwe chachitsulo. Tikuyenda m'kanjira kopapatiza kaja, anatifotokozera kuti zitsulo zonsezi zinasulidwa ku England, zinabwera pa sitima ya pamadzi mpaka ku Beira, kenako pa njanji. Anamanga kuchokera kutsidya lino ndi kutsidya linalo mpaka kukumana pakati mu 1905. Cecil Rhodes, mwini ganizo lomanga mlathowu, ankafuna kuti nthunzi ya mathithi izinyowetsa sitima ikamawoloka, koma anamwalira mu 1902 asanauone. Nthunziyo ife inatinyowetsadi.

Tili pakati penipeni, pamwamba pathu panadutsa thiraki yodzaza katundu. Magalimoto olemera amawoloka imodziimodzi, komabe mlatho wonse unanjenjemera mpaka m'mano. Bambo anakakamira chitsulo ndi manja onse awiri, maondo ali gwedegwede. Pansi, mamita 128, Zambezi akuwinduka m'phompho lakuda bii. Ine ndinayamba kukuwa kuti tiyeni, tiyeni. Mnyamatayo anandikwezera dzanja kuti ndikhale chete, nabwerera, n'kuima mbali ya kuphomphoko kuti awatchinge.

"Agogo, madziwo asiyeni. Taonani zikhomo izi. Mukuganiza anazilowetsa bwanji?"

Sankadziwa kuti bambo anagwira ntchito yowotcherera zitsulo moyo wawo wonse. Anayamba kusisita mutu wa chikhomo chimodzi ndi chala, n'kuyankha chapansipansi kuti izi amazikhoma zili psuu, zikazizira n'kukoka zitsulo ziwirizo pamodzi. Mnyamata uja anafunsanso china, ndi chinanso, kwinaku akusuntha pang'onopang'ono. Sanawakoke dzanja, sanayang'ane wotchi, ngakhale anthu ena anali akudikira kumbuyo. Pomwe tinkatulukira mbali ya Zimbabwe, bambo ndi amene ankaphunzitsa, akuloza utawaleza m'chigwa cha Batoka ngati sipanachitike kanthu.

Chigwacho n'chokongola zedi, ndipo anthu olumpha ndi chingwe mamita 111 aja mumawaonera pafupi. Za zithunzi amalipiritsa padera, ndipo pa ofesi sanatiuze. Tengani pasipoti kuti akupatseni chitupa cholowera pa mlatho, komanso chovala cha mvula ngati mukupita mu Epulo.

Nyenyezi yachisanu ndaichotsa chifukwa cha amayi aja. Eni kampani, ikani benchi panja paja, ndipo mnyamatayo mumuwonjezere malipiro. Bambo akuti chaka chamawa tipitenso ndi adzukulu.